Mano a anthu amene safika kuchipatala

Funso la pamsonkhano wa bajeti

Chaka chilichonse, ikafika nthawi yokonza ndondomeko ya ntchito za chipatala cha paboma, akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana amasonkhana m'chipinda chimodzi n'kumalimbirana ndalama zomwe aliyense wa iwo akudziwa kale kuti sizikwana. Ine ndinkapita kumsonkhano umenewu poimira nthambi ya mano, ndipo chaka china, nditapempha kuti atipatseko mafuta a galimoto oti tiziyendera sukulu zapulayimale, bwana amene ankatsogolera zokambiranazo anandifunsa mwaulemu ndithu kuti, "A Dokotala, kodi vuto la mano m'boma muno ndi lalikulu bwanji?" Ndinatsegula kaundula wathu n'kuwawerengera mano amene tinazula chaka chathacho, mwezi ndi mwezi. Iwo anamvetsera mpaka nditamaliza, kenako anati, "Amenewo ndi mano amene mwazula inuyo. Ine ndikufunsa za anthu a m'boma muno."

Atatero anatembenukira kwa anzathu a malungo ndi a uchembere wabwino, omwe anali ndi mayankho m'manja: ana angati mwa ana 100 aliwonse, kudera la mfumu iti, m'miyezi iti, ndiponso ndalama zingati zingapulumutse anthu angati. Mafuta aja sitinapatsidwe, ndipo kunena zoona sindinawaone kulakwa, chifukwa munthu wogawa ndalama zochepa amatsata amene wamuonetsa pomwe ndalamayo ikagwere. Koma funso lija silinandichoke m'mutu, ndipo ndi limene linandipititsa kukachita digiri yachiwiri ya umoyo wa m'kamwa wa anthu onse, yomwe kusukuluko amaitchula kuti dental public health.

Amene amafika, ndi amene amatsala

Munthu amene wakhala pa mpando wa dokotala wa mano kuno kwathu amakhala atadutsa m'zipata zambiri. Dzino lija layamba kalekale kumuvuta akamwa madzi ozizira, iye n'kupirira. Latha milungu likumugoneka mochedwa, iye n'kumamwa panado ndi kuchukucha madzi amchere, mwinanso n'kuikapo mankhwala azitsamba amene mnansi wamuuza. Pokhapokha tsaya litatupa ndipo nsima yakanika kutafunika m'pamene amafunafuna ndalama ya kabaza ndi ya minibasi. Pofika kwa ife dzinolo limakhala litatheratu, moti ngakhale tikanakhala ndi zomatira zokwanira, zomwe nthawi zambiri sitikhala nazo, palibe china chochita koma kubaya jakisoni wa dzanzi n'kulizula. Ndiye chifukwa chake kaundula wa nthambi ya mano amadzaza ndi mawu amodzimodzi tsamba ndi tsamba. Sanena kanthu za mayi amene analephera kupeza ndalama yoyendera, kapena za mwana amene akujomba kusukulu chifukwa cha dzino koma makolo ake akuti ndi lachibwana, ligweluka lokha.

Kafukufuku wa dziko lonse amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016, atayeza anthu 5,400, anapeza kuti mwana mmodzi mwa ana 5 aliwonse a zaka 12 mpaka 15 anali ndi dzino lobooka, ndipo pafupifupi theka la anthu a zaka 35 kupita m'tsogolo linali ndi vuto lomweli. Anthu oposa 35 mwa 100 aliwonse anali atataya dzino, pomwe amene anali ndi dzino lomatidwa sankafika ngakhale 7 mwa 100. Manambala awiri omalizawa amafotokoza ntchito yathu bwino kuposa mmene ine ndingaifotokozere. Pa nthawi ya kalembera wa 2018 Amalawi tinali oposa 17 miliyoni, ndipo madokotala a mano m'dziko lonse sankafika 50, ambiri a iwo ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ngakhale aliyense akanamagwira ntchito usana ndi usiku osapuma, mzere wa odwala sukanafupika, chifukwa mano amabooka mofulumira kuposa mmene manja athu angawathamangire.

Nditauza abale anga kuti ndikubwerera kusukulu anakondwa, mpaka pomwe ndinawafotokozera kuti maphunzirowo sakukhudza kuchita opaleshoni ya nsagwada kapena kuwongola mano ndi mawaya. Amalume anga anafunsa mosabisa kuti, "Ndiye ukabwerako uzidzapanga chiyani chomwe anthu angakulipire?" Funso lawo linali lolondola, ndipo anzanga ambiri a ntchito ankaganiza chimodzimodzi, kungoti iwo sankalankhula. Ukatswiri wowongola mano umatsegula chipatala chako chako mumzinda, pomwe ukatswiri uwu umakupatsa mpando pa misonkhano.

Kalasi yopanda chozulira mano

Maphunzirowa si achilendo kunja. Ku America anavomerezedwa kukhala nthambi yapayokha ya udokotala wa mano kuyambira mu 1950, ndipo ku Britain masukulu monga University College London, King's College London ndi Sheffield amapereka digiri yake ya chaka chimodzi. Kuno kufupi, University of the Western Cape ku Cape Town ndi Muhimbili ku Dar es Salaam akhala akuphunzitsa madokotala ochokera m'maiko a m'chigawo chino. Amalawi amene amapita kunja kawirikawiri amadalira thandizo la Commonwealth, Chevening kapena Beit Trust, chifukwa ndalama zake palibe wogwira ntchito m'boma angazikwanitse ndi malipiro ake.

Chinthu choyamba chimene munthu wozolowera chipatala amadabwa nacho n'chakuti chaka chonse sagwira chozulira mano. M'malo mwake amaphunzira kawerengedwe ka matenda pakati pa anthu, masamu a kafukufuku, kayendetsedwe ka chuma cha zaumoyo, ndi mmene malamulo ndi ndondomeko za boma zimapangidwira. Amaphunzira muyeso wotchedwa DMFT, womwe Klein, Palmer ndi Knutson anayambitsa mu 1938, wowerengera mano obooka, ozulidwa ndi omatidwa m'kamwa mwa munthu mmodzi, kuti dera lina lithe kuyerekezedwa ndi linzake kapena chaka china ndi chinzake. Amaphunziranso chifukwa chimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsira kuyeza ana a zaka 12: pa msinkhu umenewu mano achikulire amakhala atamera pafupifupi onse kupatula akumapeto aja, komanso m'maiko ambiri ndi msinkhu womaliza umene ana ungawapeze pamodzi kusukulu.

Phunziro limene linanditsegula maso kwambiri linali looneka laling'ono. Kafukufuku asanayambe, oyeza onse amayenera kuyeza ana amodzimodzi, aliyense payekha, kenako n'kufananitsa zimene alemba. Tonse m'gulu lathu tinali madokotala amene tagwira ntchito zaka zambiri, ochokera m'maiko osiyana, koma pa dzino limodzi lomwelo wina analemba kuti labooka, wina kuti langothimbirira, wina kuti lilibe vuto. Tinabwereza mobwerezabwereza mpaka maso athu anayamba kugwirizana. Kuchipatala kusiyana kotere sikuoneka, popeza dokotala aliyense amakhala yekha ndi wodwala wake, koma m'kafukufuku kungapangitse boma lina kuoneka lodwala kuposa linzake pomwe chasiyana ndi woyeza basi.

Pambali pa masamu panali maganizo amene amasintha mmene munthu amaonera ntchito yake. Geoffrey Rose analongosola mu 1985 kuti odwala ambiri sachokera m'kagulu kochepa ka anthu amene ali pachiopsezo chachikulu, koma m'chikhamu cha anthu amene aliyense ali pachiopsezo chochepa, kotero kuti kusintha pang'ono khalidwe la anthu onse kumapulumutsa ambiri kuposa kusakasaka owerengeka oti uwachize. Aubrey Sheiham, yemwe anabadwira ku South Africa, pamodzi ndi Richard Watt, anatsindika mu 2000 kuti shuga, fodya ndi mowa zimene zimawononga m'kamwa ndi zomwezonso zimabweretsa matenda a shuga, a mtima ndi khansa, ndipo n'kupanda nzeru kuti a mano azilalikira okha pakona pawo. Tinaphunziranso za Vipeholm ku Sweden, komwe m'zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1950 odwala a m'chipatala cha anthu olumala ubongo ankadyetsedwa maswiti omata dala pofuna kuona mmene mano awo abookere. Umboni unapezeka ndithu wakuti kudya shuga pafupipafupi pakati pa chakudya n'koopsa kwambiri, koma unapezeka pa mano a anthu amene sakanatha kukana, ndipo aliyense wofuna kukayeza ana a eni ake amayenera kuidziwa nkhani imeneyi asanapemphe chilolezo.

Koma nkhani imene aphunzitsi ankainyadira kuposa zonse inali ya fluoride, mchere wachilengedwe wopezeka m'miyala ndi m'madzi ena. Dokotala wachinyamata, Frederick McKay, atafika ku Colorado Springs m'dziko la America mu 1901, anapeza anthu ambiri ali ndi mano a mawanga ofiirira, ndipo chodabwitsa chinali chakuti mano oipa maonekedwewo sankabooka msanga. Panapita zaka 30 chifukwa chake chisanadziwike, mpaka mu 1931 pomwe katswiri wina, H. V. Churchill, anapeza fluoride wochuluka m'madzi a tauni ya Bauxite ku Arkansas. Kenako H. Trendley Dean anayerekeza mizinda yambiri n'kuona kuti madzi akakhala ndi fluoride wokwana pafupifupi miligalamu imodzi pa lita, mano amalimba popanda kuthimbirira kwenikweni. Mu 1945 mzinda wa Grand Rapids ku America komweko unakhala woyamba kuthira fluoride m'madzi ake a m'mipopi. Tinalemba mayeso pa nkhaniyi, tinawerengera mtengo wake pa munthu mmodzi, ndipo ndinabwerera kumudzi kudzachita kafukufuku wanga ndili ndi chithunzi chakuti fluoride ndi chinthu chimene anthu osauka akusowa.

Sukulu ya mijigo iwiri

Tinafika pa sukulu ina yapulayimale ya kumudzi m'mawa, m'nyengo yotentha, ndipo aphunzitsi aakulu anatipatsa malo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi yawo. Tinalumikiza madesiki awiri n'kuyalapo chitenje, kuti mwana azigona chagada mutu uli kwa ine. Ndinali ndi tochi pamphumi, kagalasi koonera m'kamwa ndi kachitsulo kofufuzira, ndipo pambali panga panakhala mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, bambo wachikulire amene anagwira ntchito kumeneko zaka zambiri, akulemba manambala amene ndinkatchula dzino ndi dzino. Mano obooka sanali ambiri monga mmene ndinkayembekezera. Chimene chinkabwerabwera chinali china: mwana uyu mano oyera bwinobwino, wotsatira mano akutsogolo a mizere yoyera ngati choko, winanso ofiirira mpaka okumbikakumbika.

Dzuwa litakwera, mlangizi uja anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "A Dokotala, pepalali lilibe malo olembapo mudzi, koma inetu ana awa ndikuwadziwa. Onse ofiirirawa ndi a kumunsi, amamwa mjigo wa kudambo. Oyerawa ndi a kumtunda kuno." Ndinamupempha kuti aziuza mwana aliyense atchule mudzi wake asanagone pa desiki, ndipo iye, asanayang'ane n'komwe m'kamwa, ankanena motsitsa mawu chimene ndikachipeze. Sankaphonya kawirikawiri.

Panali mtsikana wina amene anakana kutsegula pakamwa mpaka anzake atauzidwa kuti asunthe. Atatsegula ndinaona kuti kuwonjezera pa kufiirira, mano ake akutsogolo anali operepeseka, ndipo nkhama zinali ndi mabala. Ndinamufunsa chimene amatsukira, ndipo anayankha chapansipansi kuti makala osinja, nthawi zina mchenga wa kumtsinje. Agogo ake, omwe ankagulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu, anaitanidwa, ndipo atakhala pansi anayamba okha kudandaula. "Mwana ameneyu ndalimbana naye, a Dokotala. Aphunzitsi amati satsuka m'kamwa, ndiye ndimamukhulitsa ndekha m'mawa uliwonse, koma dzimbirilo silichoka. Amayi ake mano ndi oyera, inenso onani." Anatsegula pakamwa kundionetsa, ndipo analidi oyera. Nditawafunsa madzi amene ankamwa akulera amayi a mtsikanayo, anati a mumtsinje ndi a pachitsime chokumba pamanja, popeza mjigo unabwera mtsikanayu ali pafupi kubadwa.

Ndinawafotokozera kuti mawangawo si litsiro, ndipo sangachoke ndi makala kapena mchenga, chifukwa ali m'kati mwa dzino lenilenilo. Amapangika dzino likadali kukula m'nsagwada, mwana asanakwane zaka pafupifupi 8, ngati madzi amene akumwa ali ndi fluoride wopitirira muyeso, ndipo fluoride ameneyu amachokera m'miyala ya pansi pomwe mjigo wafika. Munthu amene wayamba kumwa madziwo atakula mano ake sasintha, n'chifukwa chake agogowo ndi mwana wawo anali ndi mano oyera ngakhale ankatunga pa mjigo womwewo. Agogo aja anakhala chete kwakanthawi, kenako anafunsa funso limene aliyense akanafunsa: "Ndiye tiziwiritsa?" Ndinayenera kuwauza kuti kuwiritsa sikuchotsa fluoride, m'malo mwake kumamuchulukitsa pang'ono popeza madzi ena amauluka ngati nthunzi, ndiponso kuti mankhwala a klorini amene amathira m'ndowa amapha tizilombo tokha.

Madzi a mijigo iwiriyo tinawatumiza kukayezetsa. A kumtunda analibe vuto. A kudambo anapitirira kwambiri malire a WHO, omwe ndi mamiligalamu 1.5 pa lita, koma sanafike pa mamiligalamu 6, omwe ndi malire amene muyeso wa dziko lathu wa 2005 unaika pa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zotetezedwa. Kunena kwina, mjigowo unali wovomerezeka, ndipo palibe amene anaphwanya lamulo poukumba kapena poupereka kwa anthu. Vutoli si la mudzi umenewu wokha, chifukwa akatswiri a zamadzi analemba kale za fluoride wochuluka m'madera monga Nathenje ku Lilongwe, mbali zina za Machinga, ndi malo ena a m'chigwa momwe muli akasupe otentha. Zolemba zawozo zinali m'manja mwa a zamadzi, ndipo ife a mano tinkangoona mano ofiirira mmodzimmodzi kuchipatala n'kumawauza kuti palibe chimene tingachite.

Titapita kukafotokoza kwa amfumu, anamvetsera modekha n'kutikumbutsa chimene ife tinali tisanachione ndi maso athu. Mjigo usanabwere, mvula ikangoyamba ana ankatsegula m'mimba, ndipo ena anawaika m'manda. "Walira mvula walira matope," anatero amfumuwo. "Koma musatiuze kuti tibwerere kumtsinje." Panalibe wotsutsa. Mano ofiirira ndi opweteka mumtima, makamaka kwa mtsikana amene akuopa kuseka pagulu, ndipo fluoride akachuluka kwambiri kwa zaka zambiri amaumitsa mfundo ndi kupweteketsa mafupa, koma sangafanane ndi kolera. Zimene tinagwirizana zinali zazing'ono: kuti madzi akumwa ndi ophikira phala la ana aang'ono azitungidwa ku mjigo wa kumtunda, ngakhale kuli kotalikirapo, ndipo wa kudambo utsale wochapira, wosamba ndi womwetsa ziweto, kuti aphunzitsi asiye kudzudzula ana pa chinthu chimene si kulakwa kwawo, ndi kuti makala ndi mchenga zilekeke. Njira zochotsera fluoride m'madzi zilipo, monga kusefa ndi makala a mafupa komwe kwagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Nakuru m'dziko la Kenya, koma zimafuna munthu wozisamalira ndi ndalama zosinthira zosefera, ndipo komiti ya mjigo imene imavutika kale kutolera ndalama zogulira zipangizo zokonzera sikanasenza katundu wina.

Pa zonse zimene zinachitika kumeneko, palibe chimene chinafuna luso la manja limene ndinaphunzira zaka zisanu za digiri yoyamba. Zinafuna kudziwa kufunsa funso loyenera, kudziwa kuyeza madzi ndi kuwerenga zotsatira zake, kudziwa kuti malire a dziko ndi a WHO akusiyana, ndi kutha kukhala pansi ndi a ofesi ya zamadzi, a zamaphunziro ndi amfumu. Ndipo chimene chinatsegula nkhani yonse sichinali pa pepala langa lokonzedwa bwino lija, koma m'mutu mwa mlangizi amene ankadziwa mwana aliyense ndi mjigo wa kwawo.

Zimene timabwera nazo, ndi zimene timazipeza kuno

Sindikunena kuti zimene amaphunzitsa kunja n'zosathandiza, chifukwa popanda nkhani ya McKay ndi Dean sindikanadziwa chochita ndi mawu a mlangizi uja. Koma maphunzirowo anakonzedwa poganizira maiko amene nyumba iliyonse ili ndi mpopi wochokera ku thanki imodzi, komwe funso ndi lakuti athiremo fluoride kapena ayi. Kwathu anthu ambiri amamwa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zikwizikwi, chilichonse ndi miyala yake, kotero kuti mudzi wina akusowa fluoride pomwe mudzi woyandikana nawo wamuchulukira. Wophunzira wochokera kuno amayenera kumasulira yekha phunziro lililonse kuti ligwirizane ndi kwawo, ndipo si onse amene amapeza mphunzitsi wowathandiza kutero.

Nkhani ya shuga ndi chitsanzo china. Mu 2015 WHO inalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo ndi bwino kwambiri atatsika kufika pa theka la pamenepo, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi 6. Britain ndi South Africa anayamba kukhometsa msonkho pa zakumwa zotsekemera mu 2018, ndipo m'kalasi tinkakambirana zimenezi ngati njira yodziwikiratu. Koma ife timalima nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, komwe mabanja ambiri amadalira ntchito imeneyi, ndipo kuyambira mu 2012 shuga wathu amathiridwa vitamini A pofuna kuteteza ana. Choncho mayi yemweyo amamva kusikelo kuti shuga wa m'paketi ali ndi vitamini wothandiza mwana, kenako n'kumva kwa ife kuti shuga akuwononga mano a mwanayo. Mauthenga onsewa ndi oona, ndipo kuwalumikiza kuti asasokoneze mayiyo ndi ntchito ya munthu amene waphunzira kukambirana ndi a zakadyedwe m'chinenero cha manambala awo. Uthenga umene ndaona kuti umamveka ndi wa kangati osati wa kuchuluka kokha: tiyi wa shuga wa m'mawa sawononga ngati maswiti ndi mabisiketi amene mwana amamung'unya tsiku lonse kuchokera pa kaokala ka pachipata cha sukulu.

Zina mwa zimene zimagwira ntchito m'maiko ngati lathu zinabadwira kuno komwe ku Africa. Njira yomata dzino ndi zida za m'manja zokha, popanda magetsi kapena makina obowolera, inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndi Jo Frencken, ndipo inayesedwanso m'sukulu za ku Zimbabwe. Mu 2021 WHO inaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, simenti yomatira ya glass ionomer ndi silver diamine fluoride, yemwe amaimitsa kubooka akangopakidwa pa dzino, pa mndandanda wa mankhwala ofunikira amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Ku Scotland, pulogalamu ya Childsmile inaonetsa kuti ana akamatsuka mano tsiku lililonse kusukulu ya mkaka moyang'aniridwa ndi aphunzitsi, kubooka kwa mano kumatsika ndipo ndalama zochizira zimapulumuka. Kwathu kuli kale nthawi imene ana amafola pamodzi kusukulu, ya phala, yomwe mabungwe monga Mary's Meals akhala akuthandiza kuyambira mu 2002, ndipo munthu sangalephere kuganiza zoikapo kutsuka mano. Koma kuti zitheke pamafunika wina awerengere mtengo wa mswachi ndi mankhwala pa mwana mmodzi pa chaka, apeze posungira miswachi ya kalasi ya ana oposa 100 kuti isakhudzane, adziwe sukulu zimene zili ndi madzi, ndipo patapita zaka abwerenso kudzayeza ngati zathandiza. Imeneyi ndiye ntchito imene digiriyi imakonzekeretsa munthu, ndipo ndi yotopetsa kuposa mmene imamvekera.

Pomwe tafika

Zinthu zasuntha m'zaka zapitazi. Mu 2019 sukulu ya College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), inayamba kuphunzitsa madokotala a mano koyamba m'mbiri ya dziko lino, mogwirizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project yothandizidwa ndi boma la Scotland, ndipo gulu loyamba linamaliza maphunziro mu 2025. Mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa, yomwe imaika patsogolo kupewa. Amene tinakaphunzira udokotala wa mano kunja chifukwa kwathu kunalibe sukulu timadziwa kukula kwa zimenezi.

Komabe ndondomeko imafuna anthu oiyendetsa, ndipo apa m'pamene ndikuona kuti tatsalira. Dokotala amene wabwera ndi digiri yachiwiri ya mtundu uwu kawirikawiri amabwezedwa pa mpando womwe anausiya, chifukwa mzere wa odwala ulipo lero pomwe phindu la kupewa lidzaoneka patapita zaka, ndipo mkulu wa chipatala amene ali ndi dokotala mmodzi yekha sangamulole kuti azikayenda m'sukulu odwala akudikira pakhonde. Ena akaona choncho amapita ku mabungwe kukagwira ntchito za malungo kapena za Edzi, komwe luso lawo la kafukufuku limalandiridwa ndi manja awiri, ndipo mano amawasiya.

Maganizo anga ndi akuti sitifunika kudikira mpaka titakhala ndi sukulu yapayokha ya maphunzirowa. KUHeS ili kale ndi digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu onse, ndipo kuwonjezeramo nthambi ya za m'kamwa, yokhala ndi kafukufuku wochitikira m'maboma athu momwemo, kungatsitse mtengo ndi kuthetsa vuto lomasulira maphunziro a eni ake lija. Wophunzira wotere angamaphunzire za fluoride limodzi ndi a zamadzi, za shuga limodzi ndi a zakadyedwe, ndi za matenda a noma, omwe amadya nkhope za ana osowa zakudya ndipo WHO inawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023, limodzi ndi anamwino a kusikelo omwe ndi amene angawaone msanga.

Ndipo khomo lake lisatsegukire madokotala okha. Ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma yakhala ikusenzedwa kwa zaka zambiri ndi ma dental therapist, ogwira ntchito ya mano amene si madokotala, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, omwe amadziwa midzi, amalankhula zinenero za m'madera awo ndipo sathamangira kumizinda ngati mmene ife timachitira. Ambiri a iwo ali ndi dipuloma, ndipo malamulo olowera digiri yachiwiri amafuna digiri yoyamba, kotero kuti amene ali oyenera kwambiri maphunzirowa ndi amenenso sangalembetse. Pakufunika njira yoti akwere kuchoka pa dipuloma kufika pa digiri osasiya ntchito kwa zaka zambiri, ndipo pakufunikanso kuti pa mndandanda wa maudindo a boma pakhale udindo wa woyang'anira umoyo wa m'kamwa m'boma lililonse, wokhala ndi malipiro ake ndi gawo lake pa bajeti, kuti womaliza maphunzirowa adziwe ofesi imene akukalowa.